Funsani Amisiri: Sefa yanga ikuimba mluzu, besi yathawa

Mwezi uno makalata ambiri abwera a makiyibodi, mwina poti nyengo ya maukwati yafika ndipo aliyense akupukuta fumbi pa zida zake. Ndasankhapo atatu. Inu amene munafunsa za ma invata ndi mabatire a sola mundidikire mwezi wamawa. Benchi langa kuno ku Kapata ndi laling'ono, tsamba la magazini nalo ndi chimodzimodzi.

Amisiri, ine ndimaliza kiyibodi m'kwaya ya kumpingo kwathu. Mawu amene ndimawakonda pa nyimbo zofatsa amatuluka akuthwa, mpaka agogo okhala kutsogolo amadandaula kuti akuwalasa m'makutu. Ndikatsitsa voliyumu, oimba sandimva. Mu menyu ndapeza pena palembedwa Cutoff, pena Resonance, koma ndikuopa kukhudzapo. Kodi ndi zachiyani?
*Mayi wa kwaya, Katete*

Mayi, khudzanipo, simuwononga kanthu. Ingolembani kaye papepala manambala amene alipo panopa kuti mukasokera mudziwe pobwerera.

Mukadina kiyi imodzi, khutu limamva ngati liwu limodzi, koma mkati mwake muli mawu ambiri osanjikizana. Tengani A wa kudzanja lamanzere, amene amanjenjemera ka 110 pa sekondi, kapena kuti 110 Hz. Pamwamba pake pamakwera ana ake: 220, 330, 440, 550, mpaka masauzande. M'mabuku amawatcha harmonics, ine ndimangoti ana a noti. Lipenga ndi chitoliro zikhoza kuliza noti imodzimodzi, koma mumazisiyanitsa ngakhale mutatsinzina, chifukwa lipenga lili ndi ana ambiri amphamvu pomwe chitoliro chili ndi ochepa. Amene akulasa agogo ndi ana akumwamba aja. Voliyumu sisankha, imatsitsa mayi ndi ana omwe, n'chifukwa chake oimba amakutayani.

Cutoff ndi sefa. Mukachokera kuchigayo mumasefa ufa kuti wosalala udutse, misere itsale. Sefa ya mu kiyibodi imadutsitsa mawu apansi n'kugwira akumwamba, ndipo nambala ya Cutoff ndiyo imanena pamene kugwirako kuyambire. Yesani ndi pakamwa panu. Imbani "iii" pa noti imodzi, kenaka zungulizani milomo pang'onopang'ono mpaka ikhale "uuu". Noti siinasinthe, kukhosi kukuchita zomwezo, koma kuthwa kwatha. Pakamwa panu pasefa.

Tsiku lokonzekera nyimbo, mukhazike mnzanu pa benchi la agogo lomwelo, inu muzitsitsa Cutoff pang'onopang'ono mpaka akwezere dzanja. Pamene mwakhala inu simumva zimene sipika ikuponya kutsogolo. Resonance musiyeni pansi. Chifukwa chake muchipeza mu kalata yotsatirayi, ngati muli ndi mtima wopirira masamu pang'ono.

Amisiri, ndamaliza Giredi 12 chaka chatha ndipo ndikupanga ka synthesizer kanga, chida chopanga mawu a nyimbo ndi magetsi, ndi zida zogwetsa m'mawailesi akale. Sefa ndaipanga ya magawo anayi. Gawo lililonse lili ndi rezisita ya 10k ndi kapasita yolembedwa 103, ndipo pakati pa magawo ndaika TL072, kachipangizo (IC) kokuza mawu kamene amakatcha op-amp. Mawu otuluka ndawabweza koyambira kudzera pa voliyumu, motembenuza, monga chithunzi chinanenera. Vuto ndi ili: ndikakweza voliyumu yobwezayo, besi imathawa, mawu amawonda. Ndikapitiriza, chinthucho chimayamba kuimba mluzu chokha, ngakhale nditazula waya wolowetsa mawu. Ndasintha ma IC kawiri. Mnzanga akuti ndiphunzire transfer function, koma m'buku ndikungoona zilembo. Chafa ndi chiyani?
*Mnyamata wa ku Mchini, Chipata*

Mphwanga, palibe chafa. Ma IC amene unazula aja uwatole, ndi amoyo. Ndipo ndisanamve n'komwe mluzu wakowo ndikuuza pamene uli. Pita pa kiyibodi iliyonse, peza C wapakati, werenga ma G kupita kudzanja lamanja. Wachitatu, amene ndi 1,568 Hz, ali pafupi ndi mluzu wako. Ukasemphana naye ndi kiyi imodzi kapena ziwiri, chifukwa makapasita a m'mawailesi sakhala ndendende monga alembedwera. Sindinaombeze. Ndachita masamu amene mnzako akukuuzawo, ndipo mnzakoyo umusunge.

Ine zinandigwerapo ndili ndi ndevu kale. Munthu wina anandibweretsera synthesizer yakale ya analog, yopanga mawu ndi matiranzisita osati ndi kompyuta, imene inabwera ndi katundu wa salaula, akuti besi ikuthawa akapotokola nobu ina. Ndinagona pa benchi masiku atatu, kusintha makapasita abwinobwino, kuwotcha zala, kutha waya wa sawuda. Tsiku lachinayi kunabwera mdala wina amene anagwirapo ntchito ya magetsi kumigodi ku Copperbelt, kudzatenga wailesi yake. Anamvetsera kamodzi, n'kung'amba kachidutswa ka katoni, n'kulembapo mzere umodzi wa masamu. Anati makinawo anabadwa choncho. Safunsa anadya phula, ine ndinadya la masiku atatu.

Tiyambe ndi gawo limodzi. Rezisita imachepetsa magetsi odutsa, kapasita ili ngati chidebe chimene chimafuna nthawi kuti chidzaze ndi kukhuthuka. Mawu apansi amakwera ndi kutsika mosafulumira, choncho chidebe chimakwanitsa kuwatsatira. Mawu akumwamba amatembenuka chidebe chisanadzaze n'komwe, ndiye amatuluka ofooka. Malire ake amapezeka motere: f = 1 / (2π × R × C). Rezisita yako ndi 10,000 ohm. Kapasita ya 103 ndi 10 nanofarad, kutanthauza 0.00000001 farad. Ukachulukitsa ziwirizi upeza 0.0001, uchulukitsenso ndi 6.28, kenaka ugawe 1 ndi yankholo. Zituluka pafupifupi 1,592 Hz. Ukanaika 104 m'malo mwa 103, malire akanatsika kakhumi, kufika pa 159 Hz. Ambiri amasokoneza ziwirizi chifukwa tizilembo take n'tating'ono ngati nthata.

Transfer function ndi dzina lalikulu la funso laling'ono: ndikalowetsa mawu akutiakuti, atuluka ochuluka bwanji, ndipo atachedwa bwanji? Ndi chotuluka kugawa ndi cholowa, basi. Ya gawo lako limodzi imalembedwa H(s) = 1 / (1 + sRC). Chilembo s chisakuopse. Chinachokera ku masamu otchedwa ndi dzina la Laplace, katswiri wa ku France amene anamwalira mu 1827, koma pa benchi ungochitenga ngati malo oikapo liwiro la kunjenjemera kwa mawu. Mawu akakhala apansi, sRC ndi kanthu kakang'ono, pansi pa mzere pamatsala pafupifupi 1, ndiye zonse zimadutsa. Akakhala akumwamba, sRC imakula, pansi pamalemera, chotuluka chimachepa. Kumwamba kwenikweni, ukakwera octave imodzi, kutanthauza kuti kunjenjemera kwawirikiza kawiri, kukula kwa mawu kumadulidwa pakati. Ndiye 6 dB pa octave imene umaiona m'mabuku, dB pokhala muyeso wa kukula kwa mawu. Magawo anayi amadula pakati kanayi, kutsala gawo limodzi mwa 16, ndiyo 24 dB pa octave.

Pa malire penipeni, pa 1,592 Hz yako ija, pamachitika zinthu ziwiri, ndipo nkhani yako yonse yagona pamenepa. Choyamba, gawo limodzi limatulutsa 0.707 ya zimene zalowa. Chachiwiri, limachedwetsa mawu ndi madigiri 45, kuwerengera kuti kunjenjemera kumodzi kwathunthu ndi madigiri 360. Tsopano ika magawo anayi motsatizana. 0.707 kuchulukitsa yokha kanayi ndi 0.25, kotala. Madigiri 45 kanayi ndi 180, theka la ulendo wonse.

Madigiri 180 ndi chiyani? Unawaonapo amayi awiri akusinja mumtondo umodzi. Munsi wina ukatsika, wina uli m'mwamba. Ndiwo madigiri 180. Iwe mawu ako ukuwabweza motembenuza, ndiko kuti wawasandutsa munsi wachiwiri uja. Besi imadutsa m'magawo anayiwo osachedwa kwenikweni, choncho ikabwerera yotembenuzidwa imakumana ndi besi yolowa mosemphana, ina ikukwera ina ikutsika, n'kumadyana. Koma mawu a pa malire achedwa kale ndi 180 m'njira. Ukawatembenuzanso, 180 ndi 180 akwana 360, ndipo minsi iwiri ija ikutsikira pamodzi. Amenewa amathandizana, amakula. Kukulako ndiko resonance, ndipo kuthawa kwa besi ndi mtengo wake. Waya ndi womwewo umene ukuchita zonse ziwiri. Walira mvula walira matope.

Mzere umene mdala uja anandilembera pa katoni unali uwu: H = 1 / ((1 + sRC)⁴ + k). Chilembo k ndi kuchuluka kwa mawu amene ukubweza, nobu yako ija. Pa besi, sRC ili pafupi ndi 0, ndiye pamatsala 1 / (1 + k). Nobu ili pansi, k ndi 0, besi yonse ilipo. Ukafika k = 1, besi yatsala theka. Pa k = 3 yatsala kotala. Pa k = 4 yatsala gawo limodzi mwa asanu, kutsika pafupifupi 14 dB. Ndi zimene khutu lako likukuuza, ndipo silikunama.

Pa malire, chinthu chija cha (1 + sRC)⁴ chimasanduka −4, chifukwa cha kotala ija ndi madigiri 180 aja, ndiye kukula kwa chotuluka ndi 1 / (4 − k). Pa k = 0 upeza kotala ija. Pa k = 3 upeza 1. Pa k = 3.9 upeza 10. Pa k = 4 ukugawa ndi 0, zimene aphunzitsi ako a masamu anakuletsa. Pa benchi zikutanthauza kuti magawo anayi akudya mawu kusiya kotala, iwe ukuwakuza kanayi, ndiye akubwerera athunthu n'kumazungulira osatha. Sipafunikanso waya wolowetsa. Kaphokoso kakang'ono kamene kamakhala m'rezisita iliyonse n'kokwanira kuyatsa motowo. Ndiwo mluzu wako, ndipo nambala 4 siidalira kuti waika 103 kapena 104. Makapasita amangosankha noti, osati nthawi yoyambira kulira.

Usadzione ngati wachita cholakwika, chifukwa wafika pamene anafika Robert Moog, wopanga ma synthesizer wa ku America. Sefa yake yotchuka, imene chilolezo chake cha umwini chinatuluka mu 1969, ndi magawo anayi omwewa ndi kubweza komweku. Mu synthesizer yake ya Minimoog, imene inatuluka mu 1970, nobu imeneyi inalembedwa Emphasis, ndipo nayo imadya besi ndi kuimba mluzu. Oimba ena amaukonda mluzuwo mpaka kuuliza ngati chida pachokha. Nzeru ya Moog inali pa marezisita. Iwe kuti usunthe malire uyenera kusintha marezisita anayi nthawi imodzi, ndipo voliyumu ya magawo anayi pa ndodo imodzi sudzaipeza msanga. Iye anaika matiranzisita awiriawiri osanjikizana ngati makwerero, makapasita ali pakati, ndipo magetsi oyenda m'makwereromo akachuluka kapena kuchepa, magawo onse anayi amasunthira limodzi. N'chifukwa chake amaitcha ladder, makwerero m'Chingerezi. Ukafuna njira yapafupi, funafuna IC ya LM13700. Imodzi ili ndi magawo awiri mkati, ndiye ziwiri zikukwanira.

Za besi, uli ndi njira ziwiri. Yoyamba, gula voliyumu ya magawo awiri, ija ya stereo. Gawo lina libweze mawu monga panopa, linalo likweze mawu olowa nthawi yomweyo. Sizikhala ndendende koma khutu limakhutira. Yachiwiri, panga sefa ya mtundu wina, ya 12 dB pa octave. Ilipo ya Sallen ndi Key, akatswiri awiri amene anaifalitsa mu 1955 ali ku MIT Lincoln Laboratory ku America. Imafuna op-amp imodzi, marezisita awiri ndi makapasita awiri, kuonjezera marezisita awiri ena oikira kukuza. Marezisita awiri oyambawo akafanana, makapasita nawonso akafanana, kuthwa kwake, kumene amakutcha Q, ndi 1 / (3 − K), pamene K ndi kukuza kwa op-amp. Waona? Nayo ili ndi phompho lake, pa 3. Ukaika K pa 1.586 upeza Q ya 0.707, sefa yosalala yopanda linunda, yotchedwa ndi dzina la Stephen Butterworth amene anaifotokoza mu 1930. Besi mu imeneyi siithawa. Sefa ya mu synthesizer ya Korg MS-20 ya mu 1978 ili m'banja lomweli, ndipo ikamalira imakhala ngati yapsa mtima. Palinso sefa ya state variable, ngati ya mu synthesizer ya Oberheim SEM, imene imakupatsa mawu apansi, akumwamba ndi apakati pa mawaya osiyana nthawi imodzi.

Ukandifunsa ine, usaphwasule chimene wapanga. Magawo anayi ali ndi kunenepa kwake kumene awiri alibe, ndipo wafika patali ndi zida za m'mawailesi akufa.

Pali chinthu chimodzi chimene mzere wa pa katoni uja sunena. Masamu akuti k akangopitirira 4 mluzu ukula mpaka kalekale, koma wako waima penapake. Waima chifukwa TL072 siingatulutse magetsi oposa amene ukuipatsa, ndiye ikafika kudenga imadula nsonga za mawu. Transfer function imaganiza kuti zida zimayankha mofanana kaya mawu ndi aang'ono kaya aakulu, pomwe zida zenizeni zimatopa. Op-amp imagunda denga mwadzidzidzi, mawu n'kukhala okhakhala. Matiranzisita a Moog amafikako mwaulemu, kupinda nsonga pang'onopang'ono, ndipo kutentha kwa mawu kumene anthu amakuyamikira kumachokera pamenepo. Choncho sefa ziwiri zikhoza kukhala ndi masamu amodzi koma khutu n'kuzisiyanitsa. Yesa kuika madayodi awiri a 1N4148 moyang'anana mitu, wina uku wina uko, pa op-amp ya njira yobwezera. Mluzu ufatsa ndipo sukwera mopitirira.

Chonde, poyesa zimenezi usalumikize ku ampulifaya ya mpingo. Ine ndinapsereza hon'i ya sipika ya eni ake tsiku lina ukwati usanayambe, chifukwa cha mluzu wa masekondi ochepa pa voliyumu yonse. Ndinalipira ndekha, ndipo nsima ya ukwatiwo sindinaimve kukoma. Tenga kasipika ka wailesi, ndipo mahedifoni usavale.

Inu Mayi a ku Katete, ngati mwafika mpaka pano: kiyibodi yanu ilibe makwerero a matiranzisita, ili ndi kakompyuta kamene kamawerengetsa masamu a mtundu womwewu mofulumira. Resonance imakuza mawu a pa malire, ndipo malirewo akagwera pamene khutu limamva kwambiri, cha m'ma 2,000 mpaka 4,000 Hz, agogo aja asamukira benchi lakumbuyo.

Bambo, gulu lathu limaimba m'malo ogona alendo kuno kuchigwa. Tili ndi synthesizer yakale ya analog. M'mawa tikaichuna imakhala bwino, koma masana a mu Okutobala manoti akumwamba amatsika, osagwirizana ndi gitala. Kodi yakalamba?
*Woliza besi, Mfuwe*

Achimwene, yakalamba inde, koma chimene chikuivuta ndi dzuwa la kwanuko. Ife a ku Chipata tili pamtunda, timadandaula chabe. Inu a ku Luangwa ndiye mumalidziwa.

Makina ambiri a analog amatsata lamulo la volt imodzi pa octave, pa noti ndi pa sefa pomwe. Mkati, volt ija imachepetsedwa kufika pafupifupi 18 millivolt, chifukwa ndi imene tiranzisita imafuna kuti magetsi ake awirikize kawiri. Tsoka lake, nambala imeneyi imayenda ndi kutentha. Pa madigiri 20 ili cha pa 17.5, pa madigiri 40 ili cha pa 18.7. Masana tiranzisita ikufuna zambiri, inu mukuipatsa zomwe zija za m'mawa, ndiye octave iliyonse imaperewera pang'ono. Kuperewerako kumaunjikana mukamakwera, n'chifukwa chake akumwamba ndiwo amamveka kutsika kwambiri.

Opanga ankadziwa zimenezi. Ankaika matiranzisita awiri ofanana pamodzi, ndi rezisita yapadera yotchedwa tempco imene imakula ndi kutentha, pafupifupi 3,300 pa miliyoni pa digiri iliyonse, yogundana ndi matiranzisitawo kuti zizitenthera limodzi. Kawirikawiri ndikatsegula makina otere ndimapeza kuti guluu anauma ndipo tempco inatalikirana ndi anzake, kapena mmisiri wina anaichotsa n'kuikapo rezisita wamba poona kuti nambala ndi yomweyo. Musamukwiyire, pa mita zimawerenga mofanana.

Musanaitumize kwa aliyense, yesani izi. Iyatseni mphindi 20 musanachune. Isakhale padzuwa, isakhalenso pamwamba pa ampulifaya. Muichune pamalo pamene muimbire, nthawi imene muimbire, osati m'mawa kunyumba. Zikakanika, ikulungeni m'bulangeti, muikweze basi ya ku Chipata ndi munthu woti aifungate pamiyendo, isapite kumbuyo ndi matumba. Mulembe papepala kuti ndi noti iti imene imayamba kutsika ndiponso nthawi yanji, mumate pa chivindikiro.